Kamera Zonenepetsa za ku Zilibwino

Ku Zilibwino, ufumu womwe unali pakati pa mapiri awiri ndi msewu umodzi wosatha kumangidwa, anthu anali ndi njira imodzi yokha yoitanira mwana amene anapita kunja kukasaka ntchito. Ankamuimbira foni n'kumuuza kuti mayi ake akudwala. Denga likadontha, mayi akudwala. Mlongo akafuna kukwatiwa, mayi akudwala. Mbuzi zikadya chimanga cha eni ake, mayi akudwala kwambiri. Ana ankabwera akulira m'basi njira yonse, n'kudzapeza mayiwo ali kudimba, khasu lili m'manja. Patapita zaka, anyamata a ku Zilibwino okhala ku Maganyu, dziko la kumwera komwe ankathyola mphesa ndi kutsuka magalimoto, anapangana chinthu chimodzi: palibe kukwera basi usanaone chithunzi.

Choncho aNachisale atadwala zenizeni, mwana wawo wamkazi Nelesi anapeza kuti mawu onse oyenera anali atatha kale ntchito.

"Achimwene, amayi akudwala."

"Pepani," anayankha Yotamu, mchimwene wake wamkulu, uku kumbuyo kukumveka phokoso la mapaipi a madzi. "Chadontha n'chiyani ulendo uno?"

"Palibe chadontha. Amayi akutha."

"Tumiza chithunzi."

Nelesi ankagulitsa kaunjika pamsika wa Tsitsaniko, ndipo diso lake linkayeza munthu asanafike n'komwe pa benchi. Anali atawaona amayi ake akuchoka pa belo la azimayi akuluakulu, kudutsa la azimayi apakati, mpaka tsopano ankawasankhira zovala m'belo la atsikana a sukulu. Kuchipatala anali atawauza kuti akapume kunyumba, ndipo ku Zilibwino aliyense ankadziwa kupuma kumene madokotala amanena. ANachisale sankafunsanso za mankhwala. M'mawa uliwonse, Nelesi akamawatulutsa pakhonde kuti aothere dzuwa, funso lawo linali limodzi.

"Yotamu wafika pati?"

Vuto linali lakuti chithunzi cha munthu wowonda sichinkapezekanso mu ufumu wonse.

Zinayamba chaka chapitacho, Mfumu Mwandiona Wachitatu itaona nyuzipepala ya kunja. Munali zithunzi za Zilibwino: msewu wa maenje, mzere wa shuga wokhotakhota ngati njoka, ana a sukulu ataunjikana pansi pa mtengo. Mfumu inaitanitsa nduna zake, ndipo msonkhanowo unaulutsidwa pa wailesi. Nduna ya Misewu inalumbira kuti ku ofesi kwake sikunafikepo dzenje ngakhale limodzi. Nduna ya Zakudya inati anthuwo sanawonde, angotalika. Kenako anaimirira a Kanyezi, Nduna ya Maonekedwe a Dziko, munthu amene nkhope yake inkanyezimira ngakhale kuli mitambo.

"Mfumu yanga, ife takhala pansi n'kuziunika zithunzizi chimodzichimodzi. Zinajambulidwa malo osiyana, masiku osiyana, ndi anthu osiyana. Koma tapeza chinthu chimodzi chimene zonse zikufanana. Zonsezi zinajambulidwa ndi kamera."

Bwalo lonse linaomba m'manja, chifukwa mdani anali atapezeka ndipo sanali m'chipindamo.

Sipanatenge nthawi, kunabwera kampani ya kutsidya kwa nyanja zazikulu, dzina lake Disolowala. Inayamba n'kugula kanyumba ka kuseri kwa positi komwe ankakonzerako makamera. Kenako inagula kampani ya mafoni. Itatero inagwirana manja ndi kampani ya mafuta odzola, ina yoika mano, ndi ina yogulitsa mipando ya sofa, aliyense n'kuikamo zake. Mfumu nayo anaipatsa masheya, kuti iziona bwino.

Tsiku losainira mgwirizano Nelesi analipo. Malole anabwera kumsika kudzatenga amayi oimba nthungululu, ndipo wokana ankataya malo ake ogulitsirapo. Mkulu wa kampani, munthu wa nsapato zosongoka amene ankapukuta thukuta ndi tayi, analankhula kudzera mwa womasulira.

"Akuti sanabwere kudzagulitsa makamera," anatero womasulirayo. "Akuti kamera yakale inkangojambula zimene yapeza, ngati munthu wopanda mwambo. Iyi ndi kamera yophunzira. Imajambula zimene dziko likufuna kudzakhala."

Amayi anaimba nthungululu monga anauzidwira. Mayi wina wogulitsa tomato anamunong'oneza Nelesi kuti, "Afunseni ngati ilipo ina yophika."

Makamera akale anasonkhanitsidwa, eni ake n'kupatsidwa atsopano mwaulere. Mafoni anangodzuka m'mawa wina atasintha okha. Kuyambira pamenepo dzenje la pamsewu linkatuluka ngati bedi la maluwa, mzere wa shuga unkatuluka ngati kwaya, ndipo akuba ofunidwa ndi apolisi ankatuluka okongola moti atsikana ankang'amba zithunzi zawo pa mitengo n'kukazisunga. Kumsika anthu ankapatsana moni watsopano. "Mwadya?" "Ayi, koma ndajambulitsa."

Nelesi anayamba wayesa ndi foni yake. Itakanika anapita kwa a Biziwiki, wojambula wa pamsika, poganiza kuti kamera yaikulu ingakhale ndi batani lozimitsira ulemu. A Biziwiki kale anali ndi situdiyo yawoyawo, yokhala ndi nsalu yojambulidwa ndege kumbuyo. Tsopano situdiyoyo inali ya Disolowala, ndipo iwo anavala sikipa yachikasu yolembedwa kuti Mnzathu wa pa Mgwirizano.

"Batani lilipo limodzi, mwana wanga," anatero. "Lodina. Enawa ndi okongoletsa."

"Tiyeni mukayesebe."

Anapita pa njinga. ANachisale anali pa mphasa pakhonde, beseni lili pambali.

"Biziwiki, ukadali moyo?"

"Ndikadali, mayi."

"Ujambule msanga. Ine ndilibe nthawi ngati yako."

Atatero anayamba kulimbana n'kudzuka, akuitanitsa mpango wawo wa kutchalitchi.

"Amayi, gonani," anawachonderera Nelesi. "Tikufuna muoneke odwala."

"Ndioneke wodwala pa chithunzi? Anthu aziti chiyani?"

"Ndi cha achimwene chokha."

"Yotamu ali ndi mkazi. Mkaziyo ali ndi abale."

Anakangana mpaka mphamvu zinawathera aNachisale, n'kugona okha. A Biziwiki anadina.

Pa chithunzipo panatuluka mayi wa masaya odzadza, khosi lamizeremizere, atatsamira pa sofa yofiira. Beseni linali litasanduka mphika wa maluwa. Mano onse anali m'kamwa, kuphatikizapo aja anachoka Nelesi asanabadwe.

"Tayesaninso," anatero Nelesi.

Anawapaka phulusa kumaso, linatuluka ngati phoda. Anawavundukula mkono kuti mafupa aoneke, kamera n'kuuveka zibangili. A Biziwiki anajambula atagwada, anajambula atakwera pa mtondo, anajambula dzuwa lili kutsogolo. Kulikonse mayiwo ankangonenepa.

Nelesi anatumiza chimene chinali chowondako pang'ono. Foni inalira.

"Amayi anenepa chonchi? Mukuwadyetsa chiyani kumeneko?"

"Achimwene, ikunenepetsa ndi kamera. Kuno makamera onse anagulidwa ndi kampani, munachoka zisanachitike."

"Kamera sinama, Nelesi. Amanama ndi anthu. Tawapatsa foniyo."

Nelesi anaika foni pa khutu la amayi ake, akuwapangira zizindikiro zonse zimene nkhope ya munthu ingathe.

"Muli bwanji, amayi?"

"Ndili bwino, mwana wanga, kaya iweyo."

Chiyambire ufumuwo palibe munthu anayankhapo moni mwanjira ina, ndipo aNachisale sakanayamba iwo atakalamba kale.

"Wamva?" anatero Yotamu. "Uwauze achepetse za mafuta. Abwana anga sapereka tchuthi cha munthu wonenepa."

Lachinayi linali tsiku la madandaulo kunyumba ya mfumu. Nelesi anasiyira benchi mnzake, n'kusiya amayi ake m'manja mwa aneba. Mfumu yeniyeniyo inali itasiya kuonekera pagulu, chifukwa alonda atsopano, omwe ankaidziwa pa zithunzi zokha, anali ataibweza pa geti yake yomwe. Pa mpando wachifumu pankakhala chithunzi chachikulu cha mnyamata wa mapewa otambalala, ndipo anthu ankachigwadira chimenecho. A Kanyezi ndi amene ankamva milandu m'malo mwake.

Patsogolo pa Nelesi panali bambo wina amene mlatho wa kwawo unakokoloka. Anamuonetsa chithunzi cha mlathowo uli chiimire, wopakidwa penti, n'kumufunsa ngati akufuna kutsutsana ndi umboni. Bamboyo anathokoza, n'kupempha kuti amupatseko chithunzicho akayese kuwolokerapo.

"Wotsatira!"

Nelesi anagwada.

"Mayi, boma likuthandizeni chiyani?"

"Ndikufuna chithunzi cha amayi anga, bwana."

"Simunajambulitse?"

"Ndinajambulitsa. Sichikufanana nawo."

A Kanyezi analandira chithunzicho n'kuchiyang'ana nthawi yaitali. Anachionetsa nduna ya kumanja kwawo, iyo n'kugwedeza mutu mokhutira. Anachitembenuzira ku mpando wachifumu kuti nayo mfumu ione.

"Mayi wokongola chonchi. Ndiye mukuti kunyumbako sakuoneka chonchi?"

"Ayi, bwana."

"Ndiye kuti vuto lili kunyumbako. Onani, mayi. Kampani yachita mbali yake. Boma lachita mbali yake. Anzathu a mano ndi a sofa achita mbali yawo, mukuona nokha. Mgwirizano umafuna aliyense agwirepo. Chatsala n'chakuti mayi anuwo alimbikire kuti afanane nacho chithunzichi."

"Akumwalira, bwana. Mwana wawo wamwamuna ali ku Maganyu, ndipo sabwera akapanda kuona kuti awonda."

Mawu akuti awonda anadutsa m'bwalomo ngati fungo la nyama yootcha. A Kanyezi anaweramira kutsogolo.

"Mwati awonda? Zenizeni?"

"Zenizeni."

"Nthiti zikuoneka?"

"Zonse."

Nduna zinayang'anana. Kenako a Kanyezi anatsitsa mawu n'kufotokoza kuti Disolowala inali ndi mgwirizano winanso, ndi anthu ena, wopanga kamera ina. Imeneyo inkasungidwa m'kabati ya unduna, ndipo inkatuluka nyengo yopempha thandizo kwa mayiko akunja ikakwana. Nyengoyo inali itakwana. Koma unduna unali pa mavuto, chifukwa unali utafufuza m'zithunzi zonse za chaka chathunthu osapezamo munthu wowonda woti n'kumujambula.

"Mayi anu atumikira dziko," anatero a Kanyezi. "Galimoto ibwera mawa."

Inabweradi, ndipo aka kanali koyamba galimoto ya boma kufika pakhomo pa aNachisale. Munatuluka anyamata a masikipa otuwa, atanyamula kamera yakuda. Sanapereke moni. Anadina n'kubwerera, ndipo madzulo ake anamutumizira Nelesi chithunzi pa foni.

Panali gogo wina amene Nelesi sanamuonepo. Maso anali atalowa mpaka kunkhongo, ntchentche zili pamilomo. Malata a nyumba anali atachoka, makoma atasanduka mapesi. Nthaka inali yong'ambikang'ambika, ngakhale mvula inali itagwa dzulo lake. Pambali panakhala ana amaliseche osadziwika makolo awo, ndipo chakumbuyo kunagona chigoba cha ng'ombe, pakhomo pomwe sipanakhalepo ng'ombe.

Nelesi anazengereza masiku angapo. Amayi ake atayamba kubweza ngakhale phala, anatumiza chithunzicho kwa Yotamu.

"Iwe Nelesi, ukundiyesa mwana?"

"Ndi amayi amenewo, achimwene."

"Chithunzi chimenechi chili pa chikwangwani cha pa siteshoni kuno! Pansi alemba nambala yotumizirako thandizo. Ine ndemwe ndinaponyako kangachepe, agogowa anandimvetsa chisoni. Ukutola zithunzi za eni ake kuti undinamize?"

"Tayang'anani khutu lakumanzere. Chipsera chija."

"Amayi anga ali pa sofa," anatero Yotamu, n'kudula foni.

M'mawa mwake funso linabwera monga mwa masiku onse, koma Nelesi anachita kuweramira pafupi kuti alimve.

"Wafika pati?"

"Akukonzeka, amayi."

"Umuuze asathamange," anatero aNachisale. "Koma asachedwe."

Tsiku lomwelo kumsika kunabuka phokoso. Nelesi anali akupinda mabulauzi pamene anamva mawu a aNagama, mayi wamasiye wogulitsa usipa, akuchokera ku situdiyo ya a Biziwiki. Msika wonse unasiya malonda n'kupita kukaonera.

"Biziwiki! Bambo uyu wamutenga kuti?"

"Mayi, ine ndimangodina."

"Ndinabwera ndekha pano kapena ndinabwera ndi munthu?"

"Munabwera nokha."

"Nanga uyu wandigwira phewayu ndani? Amuna anga anagona kumanda zaka zonsezi, ine osayang'anapo mwamuna ngakhale wa pa kalendala. Lero ndatchuka mpingo wonse!"

A Biziwiki analoza chikalata chomata pakhomo la situdiyo. Mu Disolowala munali mutalowa eni masheya atsopano, kampani ya inshuwalansi ya mabanja ndi ina yosoka masuti. Nayo nyumba ya mfumu inali itatulutsa Lamulo la Banja Lathunthu, lonena kuti mayi wokhala yekha pa chithunzi amapereka maganizo olakwika, ngati kuti amuna a ku Zilibwino amafa kapena kuthawa. Kuyambira sabata imeneyo, kamera ikaona mayi wachikulire ali yekha inkamuikira bambo kumbuyo, wovala suti, dzina la sitolo likuoneka pa mkono.

"Mwina ndi mwayi wanu, aNagama," anatero wogulitsa makala. "Wa suti sapezeka wamba."

"Sadya, salankhula, sabwera ataledzera," anawonjezera mayi wa tomato uja. "Biziwiki, mawa ndibwera ndekha, amuna anga ndiwasiya kunyumba."

"Mukuseka!" anakuwa aNagama. "Ndinatumizira ana anga chithunzichi ku Maganyu kuti aone nsalu yatsopano, osayang'anitsitsa. Dzulo afika onse, ndi zibonga! Agwetsa chitseko, afufuza mpaka m'nkhokwe. Ana oti maliro a malume awo sanabwere!"

Anthu anaseka mpaka ena anakhala pansi. Nelesi sanaseke. Anaima pomwepo, bulauzi ili m'manja, mpaka gulu linabalalika.

"A Biziwiki, njinga ili ndi mpweya?"

Ulendo uno sanalimbane ndi amayi ake. Anawasambitsa, anawaveka mpango wa kutchalitchi, n'kuwatsamiritsa ku khoma ndi mapilo. Anauza a Biziwiki kuti abwerere m'mbuyo ndithu kuti nyumba yonse ilowe, makamaka malata, omwe Yotamu anagula ndi thukuta la zaka zake zoyamba ku Maganyu ndipo ankawatchula pa foni iliyonse ya Khirisimasi.

"Mwana wanga, ukudziwa chimene chitulukepo?" anafunsa a Biziwiki.

"Dinani."

Anatuluka bambo wamtali wa ndevu zometa bwino, suti yotuwa, wotchi yagolide. Anaima pakhonde ngati munthu amene analimanga yekha. Dzanja limodzi linali pa phewa la aNachisale. Linalo linanyamula makiyi.

"Tandionetsa," anatero aNachisale.

Nelesi anawayandikizira kamera. Anayang'ana nthawi yaitali, akuphethira pang'onopang'ono.

"Ameneyu ndani?"

"Amuna anu, amayi. Boma lakupatsani."

"Amamwa?"

"Sakuoneka choncho."

"Asiyeni akhale."

Nelesi anatumiza chithunzicho popanda mawu alionse. A Biziwiki anali asanakwere n'komwe njinga pamene foni inalira.

"Ameneyo ndani?"

"Mwaswera bwanji, achimwene?"

"Usandipatse moni! Bambo waima pakhonde langayo ndani?"

"Palibe bambo kuno. Ndi kamera. Ndinakuuzani kuti makamera a kuno amaika zinthu zomwe palibe."

"Kamera sinama! Dzanja lili pa phewa, ndikuliona ndi maso angawa! Makiyiwo ndi a chiyani?"

"Kaya."

"Kaya? Munthu akulowa m'nyumba ya malemu bambo anga, pansi pa malata anga, iwe ukuti kaya? Ankhoswe ake ndani? Amalume akudziwa? N'chifukwa chake amayi anenepa chonchi!"

"Achimwene, ine ndanena zoona zokhazokha. Kulibe munthu."

"Ukumubisa. Nonse mwagwirizana. Umuuze asachoke!"

"Nanga abwana anu?"

"Abwana anga alibe mayi?"

Kuchokera ku Maganyu ndi ulendo wa mabasi angapo ndi malire awiri. Masiku amenewo Nelesi sanapite kumsika. Ankawanyowetsa milomo amayi ake ndi kansalu, n'kumawauza dzina la tauni iliyonse imene Yotamu wadutsa, pakuti iye ankaimba foni paliponse basi yaima kufunsa ngati munthuyo akadalipo. Nelesi ankayankha kuti kulibe munthu, ndipo Yotamu ankalumbira n'kukwera basi yotsatira. Kamodzi aNachisale anagona nthawi yaitali moti Nelesi anaika khutu pa chifuwa chawo. Mayiwo anatsegula diso limodzi.

"Ndilipo. Wafika pati?"

"Wawoloka malire."

"Ndiye ndichotsere mutu wakowo, ukulemera."

Yotamu anafika dzuwa lili paliwombo, pa njinga ya kabaza, fumbi lili mpaka m'nsidze. Analibe chikwama, analibe shuga kapena bulangete la amayi monga amachitira obwera kuchokera ku Maganyu. Ananyamula mpini wa khasu umene anagula pa siteshoni. Sanayang'ane n'komwe pakhonde, pomwe panali kamulu ka nsalu pa mphasa. Analowa m'nyumba, anasuzumira kunsi kwa bedi, anatsegula kabati. Anatuluka n'kuzungulira kuseri, anakankha chitseko cha bafa, anayang'ana m'khola la nkhuku. Aneba anali atayamba kale kusonkhana ku mpanda.

"Nelesi! Sofa ili kuti? Mwabisa ndi sofa yomwe?"

"Takulandirani, achimwene."

"Amayi ali kuti?"

Nelesi analoza ndi mutu.

Yotamu anayang'ana pa mphasa. Kamulu ka nsalu kaja kanali ndi mpango wa kutchalitchi, ndipo kunsi kwa mpangowo kunali maso awiri amene ankamuyang'ana chifikire. Mkono umene unatuluka m'nsalumo unali wochepa kuposa mpini umene iye anagwira. Anayang'ana mkonowo, anayang'ana beseni, anayang'ana mlongo wake.

"Wanenepa," anatero aNachisale.

Yotamu anatsegula pakamwa, koma mawu amene anawakonza m'mabasi onse aja ndi okhawo anali pafupi, ndipo anatuluka ang'onoang'ono, ngati a mwana.

"Bamboyo ali kuti, amayi?"

"Apita kumsika."

"Amayi..."

"Khala apa uwadikire."

"Abwera nthawi yanji?"

"Amachedwa," anatero aNachisale, akusuntha mkono kuti pa mphasa papezeke malo.

Yotamu anatsamiritsa mpini ku khoma, anavula nsapato, n'kukhala. Nelesi analowa m'khitchini n'kutuluka ndi kambale ka phala. Anakaika m'manja mwa mchimwene wake, pamodzi ndi sipuni.

"Podikirapo, achimwene. Muziyamba mwauzira, sachedwa kupsa m'kamwa."